Kalata ya Abusa: Kukambirana za Chisamaliro cha Masiku Otsiriza

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi a Mvano, achinyamata ndi akhristu nonse a kuno ku Mangochi,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndakulemberani pa nkhani imene ambiri timaizemba, ya mmene munthu afunira kusamalidwa pamene matenda afika poti madokotala sangathenso kuwachiza. Kwathu kuno, munthu akayamba kunena za imfa yake timamuletsa msanga kuti akudziitanira tsoka, ndipo mwana amene angawafunse bambo ake zoterezi amaopa kunenedwa kuti akuthamangira chuma. Zotsatira zake timaziona m'zipatala: wodwala sakuthanso kulankhula, odwazika matenda akukangana pakhonde, wina akuti tipite naye ku Blantyre, wina akuti tibwerere naye kumudzi, pamene mwana amene ali ku Joni akulamula pa foni chifukwa ndiye akutumiza ndalama. Onsewo amachita zimenezi mwachikondi, koma palibe amene anamva kuchokera pakamwa pa mwiniwake.

Akatswiri a zaumoyo anaifufuza nkhaniyi. M'chaka cha 2010, madokotala a mumzinda wa Melbourne ku Australia anafalitsa kafukufuku wa odwala 309 a zaka 80 kapena kuposerapo. Theka la iwo anathandizidwa kukhala pansi ndi abale awo, kufotokoza chithandizo chimene akufuna ndi chimene sakufuna, ndiponso kusankha munthu wowalankhulira. Mwa amene anamwalira pambuyo pake, zofuna za anthu 86 pa 100 aliwonse a m'gulu lokambiranalo zinadziwika ndi kutsatidwa, pamene m'gulu linalo anali 30 okha pa 100 aliwonse. Chimene chinandikhudza kwambiri monga mbusa ndi chakuti anamfedwa a m'mabanja amene anakambirana sanavutike kwambiri ndi nkhawa ndi kupsinjika maganizo maliro atapita.

Chaka chomwecho, chipatala cha Massachusetts General ku Boston chinafalitsa zotsatira za odwala 151 a khansa ya m'mapapo imene inali itafalikira. Amene anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu ndi zowawa zina, pamodzi ndi mankhwala a khansa, anakhala ndi moyo wabwinopo m'masiku awo otsala, ndipo anakhalanso nthawi yotalikirapo, pafupifupi miyezi 11.6 poyerekeza ndi miyezi 8.9 ya anzawo amene sanayambe msanga chisamalirochi. Choncho amene amaganiza kuti kuvomera chisamaliro choterechi ndi kumugonekeratu munthu m'manda aganizenso bwino.

Sindikufuna kukunamizani kuti kukambirana pakokha kumachotsa zowawa. Kafukufuku wina wa m'maiko 6 a ku Ulaya, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti kukambiranako sikunasinthe mmene odwala khansa ankamvera m'thupi ndi mumtima, ngakhale kuti amene anakambirana anafika kwa akatswiri ochepetsa ululu mochulukirapo kuposa amene sanakambirane. Ine ndikumva kuti mawu ayenera kutsatana ndi ntchito: mankhwala apezeke, womusambitsa wodwala akhalepo, ndipo akhristu anzake asamutaye.

Malemba satiletsa kukonzekera. Yesaya anauza mfumu Hezekiya kuti akonze za nyumba yake (2 Mafumu 20:1), ndipo Mulungu anamuwonjezera zaka 15, kusonyeza kuti kukonzekera sikutseka khomo la pemphero kapena la machiritso. Yakobo anawauza ana ake momveka bwino kumene adzamuike, ndipo Ambuye Yesu ali pamtanda anapereka amayi ake m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda.

Chifukwa chake ndikupempha banja lililonse kuti likhale pansi pamene onse akadali ndi mphamvu, pakhale mwamuna, mkazi, ana achikulire, ankhoswe ndi mwinimbumba. Nenani amene adzakulankhulirani mukadzalephera kulankhula, ndipo akhale munthu mmodzi wodziwika kwa onse. Nenani ngati mufuna kutsirizira kunyumba kapena kuchipatala, komanso malire a katundu amene angagulitsidwe pofuna chithandizo, pakuti taona mabanja akugulitsa bwato, maukonde ngakhale munda pa ulendo umene madokotala anali atanena kale kuti sudzasintha kanthu, ana n'kusiyira sukulu panjira. M'mabanja ambiri kuno muli akhristu ndi Asilamu a mimba imodzi, ndipo popeza abale athu achisilamu amaika maliro mwamsanga, ndi bwino kuti mwambo umene mufuna udziwike kale kwa onse, kuti pasadzakhale kulimbirana mtembo pasiwa. Za chuma, lembani wilu pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limatenga kulanda katundu wa amasiye ngati mlandu.

Mawu ena ndi okhudza mofini wakumwa, amene ena amamukana poganiza kuti ndi mankhwala omalizitsa munthu. Akaperekedwa pa mlingo umene achipatala alamula, ntchito yake ndi kuletsa ululu kuti wodwala agone, adye, apemphere ndi kucheza ndi adzukulu ake. Chisamaliro cha odwala matenda a mgonagona chilipo m'dziko muno, monga ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ndi ku Ndi Moyo ku Salima, ndipo amene muli ndi wodwala wotere funsani pa chipatala cha boma cha Mangochi kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, osadikira kuti ululu ufike posapiririka.

Akulu a mpingo ndi amayi a Mvano amene amayendera odwala ndawapempha kuti azikhala okonzeka kumvetsera nkhani zoterezi ndi kusunga chinsinsi. Banja limene likuona kuti n'kovuta kuyamba lokha lindidziwitse kudzera kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lawo, ndipo ndidzabwera kudzakhala nanu pa kukambiranako.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo