Nthano ya mkazi wa makutu a mphaka yandiika m'madzi kuchikamwini

Azakhali,

Landirani moni kuchokera kuno ku Mulanje, kunsi kwa phiri, komwe chiperoni chatitsekera m'nyumba masiku atatu tsopano. Ndine bambo wa zaka 34, mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndili pachikamwini kwawo kwa mayi a kunyumba. M'banja tatha zaka 7, ana alipo awiri. Nkhani yangayi mwina muyamba mwaseka kaye, poti ngakhale mwini wakene ndikamaifotokoza ndimadzimva kupepera. Koma pakhomo pano palibe amene akuseka.

Ine ndimapeka nthano. Sizosindikiza ayi, ndi za m'kope basi, lija la chikuto cholimba. Ndinayamba mu 2023, namondwe wa Freddy atangotisakaza mu Malichi muja. Sukulu zitatsegulidwa, ana ambiri m'kalasi mwanga ankasinza masana. Nditafufuza anandiuza kuti mvula ikangogunda padenga usiku tulo timawathawa, amangoti Napolo akutsikanso. Ndiye Lachisanu lililonse, piriyodi yomaliza, ndinkatseka mabuku n'kuti “Padangokhala!” iwo “Tilitonse!” Za Kalulu ndi Fisi anali atazimva mpaka kuzilowezera. Ndinafuna kuwapatsa munthu amene mdima ndi kwawo, amene usiku ukafika m'pamene maso ake amatseguka bwino. Umu ndi mmene anabadwira Nachona.

Dziko lake simungalipeze pamapu. Ndinalimanga pamwamba pa mitambo, paphiri lalitali kuposa Sapitwa wathuyu wa mamita 3,002, m'nkhalango ya mikungudza yomwe nkhwangwa sinaikhudzepo. Kumeneko kumakhala mtundu wa Achona. Amayenda ndi miyendo iwiri, amalankhula, amaphika, amakwatirana, amalira maliro ngati ife tomwe. Kungoti makutu awo ndi osongoka ndipo ali pamwamba pa mutu, ali ndi mchira, ndipo zikhadabo zawo zimabisala m'zala, zimatuluka mwini akafuna. Anthu a kuchigwa amawaitana nthawi yokolola kuti adzalondere nkhokwe ku makoswe akuluakulu ngati mbuzi, malipiro ake nsomba zouma ndi mchere. Koma njala ikagwa, anthu omwewo amawathamangitsa ndi miyala, ati ndiwo atseka mvula.

Nachona ndi mkazi wa zaka 26, wamasiye, anakulira pamaphulusa a moto wa eni. Ndiloleni ndichedwepo pa khalidwe lake, Azakhali, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa.

Ukamuitana sabwera. Amakumva bwinobwino, khutu limodzi limatembenukira kwa iwe, koma amadikira mpaka kuitanako kuiwalike, kenako n'kutulukira yekha ngati wangodutsa. Mawu akuti “zikomo” ndi “pepani” m'kamwa mwake satuluka. Ukamuchitira zabwino amangokuyang'ana, mawa lake upeza nkhwali pakhomo pako, wosiya osaoneka. Nkhope yake imatha kubisa chilichonse koma mchira umamuulula: akakwiya umakwapula pansi, akasangalala umaima n'kupinda kunsonga. Choncho akamatsikira kumsika wa kuchigwa amaukulunga m'chiuno, n'kumanga chitenje pamwamba, kuti ogulitsa asadziwe kuti katundu wamugwira mtima. Masana amagona padzuwa pamwamba pa thanthwe, a kuchigwa n'kumamunena ulesi, osadziwa kuti iwo ali mkonono iye wazungulira mudzi wonse kanayi. Izi ndinatengera kwa amphaka enieni, omwe amagona maola 12 mpaka 16 patsiku koma khoswe osawapulumuka. Madzi amadana nawo koopsa. Chiperoni chikafika amadzipinda pafupi ndi mafuwa, wolankhula naye alandira yankho la liwu limodzi.

Sindinamupange mngelo. Amasunga mangawa zaka. Mdani akamugonjetsa samumaliza msanga, amayamba wamusewera kaye, ndipo pambuyo pake zimamuchititsa manyazi. Akaona mlamba wowamba pa nsanja ya eni dzanja limapita lokha, ukamufunsa akana maso ali gwa, fungo lili kukamwa. Ana anga a m'kalasi amamukonda kwambiri pa zimenezi kuposa pa ukatswiri wake. Kamtsikana kena kamene sikankayankhula chiyambire Freddy kanandifunsa tsiku lina ngati Nachona amafikanso kumudzi kwawo usiku. Ndinati inde, amakhala padenga kumvetsera phiri. Mayi ake anadzandiuza kuti mwanayo wayamba kugona.

Tsono mwezi wathawu ndinaiwala kope lija pampando wa pakhonde. Mlamu wanga wa Fomu 2 analitola n'kuyamba kuwerenga mokweza, apongozi ali pomwepo akusenda chinangwa cha makaka. Mwa masamba onse, anatsegula pomwe Nachona akulowa m'nyumba ya eni pawindo pakati pa usiku, mapazi osamveka, n'kukhala kumutu kwa mwana wodwala mpaka tambala woyamba. Patsamba lotsatira ndinajambulapo chithunzi chake ndi bolopeni, makutu, mchira, maso owala. Tsoka sasimba, masiku omwewo kamphaka kakuda ka aneba kanali katazolowera kukhitchini kwathu poti ndinkakaponyera mitu ya usipa. Apongozi akuti anangoika mpeni pansi n'kufunsa kuti, “Ndiye ameneyu amalira padenga usiku uja?”

Kuyambira tsiku limenelo mdzukulu wawo wamng'ono sagonanso kwathu, amamutenga madzulo. Ndiwo zimene ndagula ine sakuzilawa. Mukudziwa inu kuti mkamwini sakhala pansi n'kumatsutsana ndi apongozi ake maso ndi maso, tikakumana panjira wina amapatuka. Mawu anga ayenera kudzera mwa anthu, ndipo pofika kumeneko amakhala atamera nyanga. Kumjigo nkhani yafika kale poti aphunzitsi akuweta mkazi wosanduka mphaka, amamudyetsa usipa. Kholo lina labwera kwa ahedi kudzafunsa zimene ndimaphunzitsa Lachisanu.

Apa ndiye pamene kuseka kumandithera. Ine ndinalipo mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinabuka kuno ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu anaphedwa chifukwa cha mawu a pakamwa chabe, bungwe la United Nations mpaka linachotsa antchito ake kuno ndi ku Phalombe. Ndinaona ndi maso anga mmene mudzi wabata umasandukira moto usiku umodzi. Mphunzitsi mnzanga wandiuza kuti ndisaope, poti lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Zoona, ndikulidziwa. Koma ndikasumire ndani? Amayi ake a mkazi wanga, eni dothi limene ndamangapo nyumba? Khoswe wakhala pamkhate, Azakhali.

Ndinayesa kudzera kwa mkulu wa mpingo wathu. Ndinawakumbutsa kuti Kalulu wakhala akulankhula m'nthano kuyambira makolo athu, ndipo palibe gogo amene anatchedwapo mfiti chifukwa chosimba za Kalulu. Ndinatinso phiri lomweli tinakula tikumva kuti kuli mizimu yosiyira alendo nsima yotentha panjira, udye osaitana mnzako, ndipo timasimbira alendo monyadira. Anagwedeza mutu, zinkaoneka ngati zikulowa. Kenako uphunzitsi unandipweteka. Ndinawonjeza kuti ngakhale ku Egypt wakale anthu ankalemekeza amphaka, anali ndi mulungu wamkazi wotchedwa Bastet, thupi la munthu mutu wa mphaka. Akuluwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, “Ndiye mwatenga za kwa Farao?” Ndinabwerako nditawonjezera mlandu wa mafano pamwamba pa wa ufiti.

Koma zonsezi, kunena zoona, sizimene zandilembetsa kalatayi. Chimene chikundisowetsa tulo ndi mayi a kunyumba.

Iwo kope lija analiwerenga lonse, usiku umodzi, ndi tochi ya pafoni. M'mawa anandipatsa madzi osamba osanena kanthu. Patatha masiku awiri, ana atagona, anati: “Abambo, za ufitizo ine sindikuziwerengera, amayi akalamba. Koma munthu simungamudziwe chonchi musanagone naye nyumba imodzi. Mpaka kudziwa mmene amapumira akakwiya? Dzina mwabisa, mchira mwamuveka kuti ndisamuzindikire. Ndi wakuti mkazi ameneyu?”

Ndinangoti kakasi. Iwo anatenga kukhala chete kwanga ngati kuvomera, ndipo mpaka lero akugona chakukhoma.

Azakhali, chibwenzi ine ndilibe. Nachona ndi mkazi wanga yemweyo. Sindinachite kukonza, ndinadzazindikira ndili pakati pa kope. Iye bambo ake anamwalira ali wamng'ono, anayamba kuthyola tiyi kuesiteti anzake akadali pasukulu, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno. Chikwatiraneni sindinamumvepo akuti pepani, koma tikayambana, mawa lake ndimapeza mbatata yootcha m'chikwama changa cha kusukulu. Ukamuitana kawiri sabwera, amadzafika nthawi yake. Akakwiya nkhope imakhala bwinobwino, chala chachikulu cha kuphazi ndicho chimakumba pansi, ndiwo mchira uja. Madzi amawaopa moti pamlatho wa mitengo amawoloka chokwawa. Komatu usiku wa Freddy, ine nditasokonezeka kufunafuna masatifiketi anga mumdima, iye anabereka mwana mmodzi, wina kumunyamula pachifuwa, n'kudutsa madzi ofika m'chiuno kupita kumtunda, osakuwa ngakhale kamodzi. Munthu wosaopa mdima amene ndinapatsa ana a m'kalasi uja ndinamuona usiku umenewo.

Nanga bwanji osangomuuza? Ndayesa katatu, mawu amathera pakhosi. Kuno kumufanizira mkazi ndi mphaka sikumuyamikira, makamaka pamene mayi ake omubala akuti mphaka ndi ndege ya afiti. Komanso ndikangoti “ndiwe”, ndiye kuti zonse za m'kopemo ndi zake: mangawa aja, kukana mlandu maso ali gwa kuja, mlamba uja. Adzati zaka zonsezi ndakhala ndikumuonera m'mbali ngati kanyama, n'kumakasekesa ana a eni ndi zofooka zake.

Palinso mutu wina umene ndikuuopa kuposa yonse. M'menemo mlenje wina wa kuchigwa anakonda Nachona, n'kumugulira mkanda wokongola wokhala ndi kabelu, kuti azimva komwe ali. Nachona anauvala masiku atatu, tsiku lachinayi anaupachika pachitseko n'kubwerera kuphiri. Mutu umenewu ndinaulemba sabata imene ndinakaniza mkazi wanga kuyamba geni yokaoda zitenje ndi nsomba ku Limbuli. Ndinanamizira ana kuti asowa wowasamala, koma chenicheni ndinkaopa kuti akayamba kugwira ndalama zake ndi kuyenda maulendo, ine wa malipiro a pamwezi ochedwawa adzandiona kuchepa. M'nthano ndinaweruza mlenje kuti ndi wolakwa. M'nyumba mwanga kabelu ndinamuveka, ndipo sanavule. Akadzadziwa kuti ndinkadziwa kulakwa kwanga mpaka kukulemba bwino chonchi, koma osasintha, adzandiona bwanji?

Tsopano amalume a mkazi wanga, eni mbumba, atumiza mawu kuti Loweruka likudzali ankhoswe a mbali zonse akhale pansi. Zimene ndamva n'zakuti akufuna kope litenthedwe pamaso pa onse, kamphaka ka aneba kasaonekenso pakhomo, ine ndilonjeze kuti zopekapekazi ndasiya. Nkhoswe yanga, achimwene anga aakulu, akuti ndingovomera, pepala si munthu, mkamwini salimbana ndi eni mudzi. Mwina akunena zoona. Koma ndikaliponya pamoto, kwa apongozi ndiye kuti ndavomera kuti munalidi chinthu, ndipo kwa mkazi wanga ndiye kuti ndawotcha umboni wa chibwenzi. Ndikakana, ndine mkamwini wamwano wokakamira zithumwa zake.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi ndimuuze mkazi wanga patokha Loweruka lisanafike, ndipo ndiyambire pati kuti asamve ngati ndamutukwana? Kapena ndipemphe kuti pabwalopo ndiwerenge mokweza mutu umene ndinalemba potengera usiku wa madzi uja, aliyense adzimvere yekha kuti akunenedwayo ndi mwana wawo? Ndikuopa kuti kutero n'kumuvula pagulu, munthu amene sakonda n'komwe kuti anthu amuyang'ane. Nanga za geni ya ku Limbuli ndizitchule pomwepo, kapena zidzaoneka ngati ndikugula chikhululukiro?

Ana a m'kalasi nawo akundifunsa tsiku ndi tsiku. Papita Lachisanu anayi ndisanawasimbire. Tinalekezera Nachona ataima m'mbali mwa mtsinje wodzaza, kutsidya kukulira mwana, iye mchira uli pakati pa miyendo.

Ine mkamwini wothedwa nzeru,
Mulanje