Asanakumbe malasha ku Lengwe ndi Mwabvi, ayambe ayeza madzi apansi

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule za malasha omwe ali pansi pa nthaka ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Nkhani yowakumba ikamveka, anthu amafunsa za ntchito ndi chipukutamisozi cha malo. Za madzi apansi safunsa, chonsecho moyo wa okumba ndi wa midzi yozungulira wagona pamenepo.

Chigwa chathu chino chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira, n'chifukwa chake pochoka ku Blantyre timatsika mapiri mpaka pa Thabwa. Thanthwe lapansi pathu ndi laming'alu, ndipo m'ming'alumo mumayenda madzi.

Mukaboola njira m'thanthwe, katundu yemwe mwala wochotsedwawo unkasenza sachoka, amangosamukira m'mbali mwa njirayo. Ming'alu ina imatsekeka chifukwa chopanikizika, ina imayasama, makamaka kudenga, ndipo madzi amalondola yoyasamayo. Choopsa chili apa. Miyala iwiri yogundana pa mng'alu imagwirana chifukwa chopanikizana basi. Madzi akadzaza mng'aluwo mwamphamvu amakankha uku ndi uku, kugwirana kuja n'kuchepa. Dongo lamkatimo limafewa, madzi n'kumalikokolola pang'onopang'ono mpaka mwala kutsetsereka. Denga lomwe linali nganganga mu Okutobala likhoza kugwera anthu mu Febuluwale.

Azigogo athu omwe anapita ku Joni pa Theba amazidziwa izi. Amasimba kuti asanayambe ntchito ankagogoda denga ndi chitsulo chachitali, likamalira ngati ng'oma ankadziwa kuti mwala walekana ndi unzake. Madzi odontha akasanduka amatope, munthu sankadikira kuuzidwa kuti atuluke. Ku Mufulira m'dziko la Zambia, mu 1970, matope otsalira poyenga kopa omwe ankathiridwa pamwamba pa mgodi anaboola n'kukhuthukira mkati. Anthu 89 anafera pansi.

Ndiye kuno, komwe namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira mu 2022, Freddy n'kubweranso mu 2023, madzi akasefukira pakhomo pa mgodi adzalowera kuti?

Palinso mijigo. Kuti mgodi uume amapopa madzi usana ndi usiku, ndipo madziwo amachoka m'nthaka yomweyo imene amayi amatungamo. Mijigo yambiri m'Chikwawa muno imatulutsa kale madzi amchere. Kupopa kotereku kungaphwetse mijigo yabwino yochepa yomwe tili nayo, kapena kukokera mcherewo kumene kunalibe. Izi zimandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse.

Sindikukana mgodi, ana athu akufuna ntchito. Koma ndikupempha Unduna wa za Migodi ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA kuti asapereke chilolezo kampani isanaboole zitsime zoyezera n'kuona momwe madzi akukwerera ndi kutsika, dzinja lonse ndi chilimwe chonse. Zotsatira zake akaziwerenge pabwalo, mafumu ndi makomiti a mijigo alipo, m'Chichewa ndi m'Chisena.

Nzika yokhudzidwa,
Ngabu, Chikwawa