Mapulogalamu aulere nawonso amasumiridwa, tisonkheko za maloya

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzi mwanumu ndinenepo nkhani ina imene ikundidya mumtima. Ine ndimakonza makompyuta ndi mafoni, ndili ndi kashopu ku Luwinga kuno ku Mzuzu, ndiye makasitomala anga ambiri ndi ana asukulu aja amabwera atakumbatira laputopu yakalekale, batire inafa, hinji anamanga ndi selotepu, koma mkatimo muli ntchito yonse ya zaka zinayi. Chisiyireni a Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025 makina ambiri otere akukanika kulandira Windows 11, nde ine ndimangotulutsa kafulashi kanga kamene kamakhala ku makiyi nkuwaikira mapulogalamu aulere, Linux Mint yolowa m'malo mwa Windows ndi LibreOffice yolembera madokumenti. Mwana amalipira ya ntchito yanga basi, ya pulogalamu sapereka olo tambala, ndipo sitinabe, eni ake analemba okha mu laisensi kuti tengani, gawanani, sinthani mmene mungafunire.

Chimene ambirife sitidziwa nchakuti anthu amene amalemba zinthu zimenezi amakokeredwa ku khoti, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu wamba ongodzipereka, alibe loya wapakhomo ngati makampani akuluakulu.

Mu 2019 kampani ina ya ku America yotchedwa Rothschild Patent Imaging inasumira bungwe la GNOME Foundation, loyang'anira mapulogalamu ena aulere, chifukwa cha Shotwell, kapulogalamu kosanjira zithunzi kamene ineyo ndaikirapo anthu ojambula pa maukwati kangapo konse. Ati Shotwell ikuphwanya patenti yawo, chikalata cha boma chonena kuti luso lakuti ndi lawo, yokhudza kutumiza zithunzi popanda waya. Makampani amtundu umenewu sapanga katundu aliyense, ntchito yawo nkusunga mapepala a patenti ndi kutumiza makalata oopseza, ndipo machenjera awo ali apa: amakuuza kuti tipatse kangachepe tikusiye, podziwa kuti kumenya mlandu mpaka kumapeto kungakudyere ndalama zoposa pamenepo kutalitali. Ndi zomwe zija timaziona kwathu kuno, gogo kusiya munda wake umboni ali nawo, mboni zilipo, koma ya thiransipoti yobwerera ku khoti kachisanu ndi ya loya palibe, wandalama nkupambana osayankhula nkomwe. A GNOME anauzidwa kuti alipire madola masauzande makumi angapo nkhani ithe, iwo anakana. Anapempha anthu kuti asonkhe, ndipo anthu oposa 4,000 anasonkha madola oposa 150,000, maloya a Shearman & Sterling nawo anagwira ntchitoyo osalipiritsa. Mu May 2020 mlandu unatha GNOME osalipira kanthu kwa osumawo, komanso chimene chimandisangalatsa kwambiri ine, mgwirizanowo unateteza mapulogalamu ena onse okhala ndi laisensi yovomerezedwa ndi Open Source Initiative, bungwe loona za malaisensi a mapulogalamu otseguka, kuti asadzasumiridwe ndi mapatenti amenewo. Tawerengani bwino, 150,000 kugawa kwa anthu 4,000 ndi madola osafika 40 munthu mmodzi. Sanali mabwana, unali msonkhemsonkhe.

Chaka chomwecho cha 2020 mu October pulogalamu ya youtube-dl yokoperera makanema pa intaneti inachotsedwa pa GitHub, webusaiti imene olemba mapulogalamu amasungapo ntchito zawo, bungwe la makampani a nyimbo la RIAA litadandaula, inabwerera patatha masabata atatu maloya a Electronic Frontier Foundation, bungwe loteteza ufulu wa anthu pa intaneti, atalemba kalata yotsutsa, kenako GitHub inaika padera madola 1 miliyoni othandizira olemba mapulogalamu pa milandu yotere. Kalata imodzi ya loya wodziwa ntchito, basi.

Mbali inayo ndi imene imatikhudza ife okonza zinthu. Laisensi ya GPL, imene Richard Stallman analemba mu 1989, imati ukatenga pulogalamu nkuiika mu katundu wako wogulitsa uyenera kupereka source code, malemba enieni a pulogalamuyo oti munthu angawerenge ndi kusintha, kwa amene wagula. Makampani ena amatenga nkukhala chete. Mu 2003 anthu anapanikiza kampani ya Linksys mpaka inatulutsa source code ya rauta yawo, kachipangizo kogawa intaneti, ya WRT54G, ndipo mmenemo ndi mmene munabadwira OpenWrt, pulogalamu yaulere imene lero imadzutsa marauta akale oti akanatayidwa kudzala. Mu 2021 bungwe la Software Freedom Conservancy linasumira kampani ya Vizio ku California pa nkhani ngati yomweyo ya ma TV. Ine ndikatsegula chipangizo nkupeza kuti zamkati zonse anakhoma ndimangobweza kwa mwini wake nkumuuza kuti pepani kagulani china, ndipo nkhope imene munthu amapanga ukamuuza zimenezo mwezi uli pakati ndimaidziwa bwino. Milandu imeneyi ikuchitikira kutali koma ikukamba za tebulo langa lomwe lino.

Wina anena kuti aaa ifetu ndi osauka, asonkhe azunguwo. Ndamvapo zimenezi kwa anzanga tikumwa tiyi mmawa wozizira uja wa kuno. Koma taonani mmene tatsamirira. Foni ya Android ili m'thumba mwanumo pansi pake pali Linux. Unduna wa za Umoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera pa DHIS2, pulogalamu yotseguka imene imatsogoleredwa ndi University of Oslo. Dziko lolemera pulogalamu yaulere ikafa limangogula ina, ife tigula ndi forex iti? Amene angalire kwambiri ndife, ndiye sizikumveka kuti tizikhala kumbuyo manja m'thumba. Pamaliro mbale ikamazungulira sitinena kuti apereke okhaokha a magalimoto, wa K500 nayenso amalembedwa m'kope ndipo dzina lake limawerengedwa. Mnzako akapsa ndevu mzimire, akuluakulu ananena kale, ndipo apa ndevu zake ndi zomwe tikufunda tonse.

Vuto lenileni limene ndakumana nalo ndi njira. Chaka chatha ndinafuna kutumiza madola 10 okha ku limodzi la mabungwe amenewa, ndinayesa ndi khadi langa la ku banki katatu likukana, nditapita kukafunsa anandiuza za malire a forex ndi mafomu oti ndilembe, ndinaima pa mzere mpaka ndinaona kuti tsiku lantchito likuthera madola 10, ndinabwerera ku shopu. Mtima unandiwawa chifukwa ndalamayo ndinali nayo m'manja. Pa Mpamba kapena Airtel Money tikanatha kusonkha tsiku limodzi anthu mazanamazana.

Nde pempho langa likupita kwa a ICTAM, bungwe la akatswiri a ICT m'Malawi muno, ndi madipatimenti a ICT ku Mzuni, MUBAS ndi UNIMA: tsegulani thumba limodzi loti tiziponyamo makwacha pafoni, pakutha pa chaka muzisintha kamodzi nkutumiza m'dzina la a Malawi, ndipo muzilengeza poyera kuti zalowa zingati zapita kuti, chifukwa anthu akangonunkhiza chinyengo sadzaponyanso. Mabungwe ndi maofesi a boma amene akuyendetsa ntchito zawo pa mapulogalamu amenewa aikepo kamzere mu bajeti, ndalama ya malaisensi imene sakulipirayo ndi yochuluka. Gawo lina la thumbalo litsale konkuno. Achinyamata athu ayamba kulemba mapulogalamu awo nkumaika pa GitHub, tsiku lina mmodzi adzalandira kalata yachingerezi chovuta yomuopseza, kapena adzapeza kampani yatenga ntchito yake nkufufuta dzina lake, adzalowera kuti? Tikamva za copyright timangoganiza za COSOMA ndi oimba. A Malawi Law Society atithandize kupeza maloya olo awiri atatu oti aiwerenge GPL ndi malaisensi enawa mpaka kuwamvetsa, ndipo mmodzi akhale wa kumpoto kuno, tisamachite kukwera basi usiku wonse kupita ku Blantyre kukafunsa funso la mphindi khumi.

Ine ndayamba kale pang'ono. Pa kauntala panga pali kachitini ka mkaka kobooledwa pamwamba, laputopu iliyonse imene ndaikamo Linux ndimaponyamo K500 kuchokera pa yanga, ndipo ana ena ndikawafotokozera amaonjezerapo okha. Kayamba kulemera. Amene angatsegule thumbalo andiuze kudzera m'nyuzi yomwe ino, ndidzabweretsa ndekha.

Wokonza makompyuta,
Luwinga, Mzuzu