Chigawenga chinagogoda pakhomo chitavala ngati wapolisi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za Mayi Melissa Hortman, mtsogoleri wa aphungu a chipani cha DFL (nthambi ya chipani cha Democrat) m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Minnesota ku America, amene anaphedwa pa 14 June 2025 ali ndi zaka 55. Imfa yawo ikukanika kundichoka mumtima.

Uphungu sanaupeze chapafupi. Anagwa pachisankho mu 1998, nagwanso mu 2002, mpaka anapambana mu 2004. Mu 2019 anakhala sipikala, ndipo mu 2023 nyumba yomwe ankaitsogolera inakhazikitsa lamulo loti ana asukulu azilandira chakudya cham'mawa ndi chamasana kwaulere. Ine ndine mphunzitsi. Mwana wanjala ndimamudziwa: ikamakwana 10 koloko wagoneka mutu padesiki, ukamufunsa funso amangokuyang'ana. Ndiye lamulo limeneli kwa ine si nkhani yaing'ono.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha mu 2025. Chipani chawo ndi cha Republican zinalingana mphamvu, mipando 67 uku, 67 uku. Mayiwa analolera kuti usipikala upite kwa Mayi Lisa Demuth a chipani chinacho. Kenako, kuti bajeti idutse ndipo ntchito za boma zisaime, anavotera bilu yochotsa anthu aakulu (osati ana) obwera m'dzikolo opanda zikalata pa thandizo lachipatala la boma. M'chipani chawo chonse m'nyumbamo anavota okha. Atatuluka anauza atolankhani, misozi ikulengeza m'maso, kuti akudziwa kuti pali anthu amene avutike ndi voti imeneyo. Ine voti ija sindigwirizana nayo, komabe ndimalemekeza mtsogoleri amene amasenza yekha mtolo wowawa m'malo moukankhira kwa anzake.

Sipanathe sabata. Pakati pa usiku munthu wina, atavala yunifolomu ndi chigoba kumaso, pa galimoto yooneka ngati ya polisi, anagogoda kwa Senator John Hoffman, wandale wina wa chipani cha DFL, m'tauni ya Champlin. Anawombera bamboyo zipolopolo 9, mkazi wake 8, koma onse anapulumuka. Cha m'ma 3:30 anafika kunyumba kwa Mayi Hortman m'tauni ya Brooklyn Park n'kuwapha pamodzi ndi amuna awo, a Mark. Ngakhale galu wawo, Gilbert, sanamusiye. M'galimoto ija apolisi anapezamo mndandanda wa mayina a andale ena.

Yunifolomu ija ndiyo ikundiwawa kwambiri. Wapolisi akagogoda usiku, munthu wabwino amatsegula, ndipo chigawengacho chinadalira khalidwe lomwelo.

Pa 27 June matupi awo anagonekedwa m'nyumba ya malamulo ku St. Paul, likulu la Minnesota, Mayi Hortman kukhala mkazi woyamba kulandira ulemu umenewu m'chigawocho. Anthu anafola mzere wautali kukatsanzika, ndipo pambali pa mabokosi awiriwo panali kabokosi ka phulusa la Gilbert.

Mphunzitsi wokhudzidwa