Sitimayo ukwere ndi ndalama yako

Linga, Nkhotakota

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, iwe ndi apongozi anga. Kuno tilipo, kungoti bondo lija layambiranso, ndipo makoswe aboola thumba limodzi la mpunga m'chipinda cha kuseri. Wako ndinaika pamwamba, sanaukhudze.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Ndikangoyamba nkhani yeniyeni umati "Amayi, mayunitsi atha," chonsecho woimba ndine.

Usamukalipire mng'ono wako, ndinachita kumuumiriza. Ndinamupeza pakhonde akumwetulira yekha ndi foni, nditasuzumira ndinaona chisitima choyera mbee, chosanjikizana kuposa nyumba zonse za ku Lilongwe, pamwamba pake pali dziwe anthu akusambira. Akuti iwe ndi amuna ako mukufuna kukakwera chimenecho ku Durban mu Disembala, masiku anayi, kukaona zilumba za ku Mozambique n'kubwerera, popeza ukwati utatha simunapite kulikonse kokapuma. Kupumako sindikukana. Chandilanda tulo n'chakuti ndalama yake akuti mukukongola, ina ku banki mkhonde ya kuntchito kwako, ina kwa munthu wa katapila amene amuna ako amadziwana naye.

Katapila, iwe? Mwana wobadwira m'nyumba muno?

Unali ndi zaka 6 pamene malemu bambo ako anakongola ndalama yogulira injini ya boti. Mwini ndalamayo analankhula mokoma, tiyi tinamuphikira, nkhuku tinamuphera. Chaka chimenecho mwera unawomba osalekeza, usipa unasowa, kenako injini ija inafa. Mwezi ukatha ngongole inali itabereka, wotsatirawo mwana wa ngongoleyo n'kuberekanso. Tsiku limene anabwera kudzanyamula makina anga osokera, iwe unakumbatira mwendo wa makinawo ukulira, mpaka mmodzi wa anyamatawo anachita kukumasula zala chimodzichimodzi. Pa singano panali diresi ya mwana wa eni ake, ya ubatizo, ndisanaike manja. Anangoisolola n'kuiponya pa mphasa, ulusi ukulendewera. Ndinaimaliza ndi manja usiku wonse pa nyali ya koloboyi. Iwe mwina waiwala. Ine ndikamva makina akulira kwa telala pamsika, mpaka lero ndimayang'ana kumbali.

Komatu injini ija inali ya ntchito, inkayenera kubweza ndalama yake. Nanga sitima yakoyo idzabweza chiyani? Zithunzi za pa Facebook?

Usaganize kuti ndikulankhula zaumbuli. Ndinamuimbira msuweni wako wa ku Durban, amene amazionera pafupi sitimazo zikamalowa padoko, ndipo ndinamuuza kuti andifotokozere ngati akufotokozera mwana, ine ndikulemba kuseri kwa kalendala. Mtengo umene mwauona pa foniwo ndi wa munthu mmodzi, inu muli awiri. Ndi wa chipinda chotchipitsitsa, cha m'katikati mwa sitima, chopanda ndi zenera lomwe. Ukafuna cha zenera uwonjezera, ukafuna cha kakhonde koyang'ana kunyanja, chija chili pa chithunzicho, uwonjezeranso kwambiri. Pamwamba pake pali msonkho wa padoko, ndiponso ndalama ya antchito a m'sitima imene amawerengera munthu aliyense tsiku lililonse, ufune usafune. Chakudya n'chaulere, inde, koma zakumwa ayi. Ukatsika pachilumba n'kufuna kuti akuyendetse, ulipira. Chithunzi akakujambula iwo, ulipira. Ndipo m'katimo sugwira ndalama m'manja. Amakupatsa kakhadi, ukafuna kanthu umangokaonetsa, zonse zikulembedwa m'madola, ndiye tsiku lomaliza amakupatsa chipepala. Nditamva za kakhadiko ndinaika cholembera pansi. Ndalama yosaigwira m'manja siwawa potuluka, bambo ako ankasaina chimodzimodzi m'buku la pagolosale.

Ndiye sitimayo sidzakutengani pa Area 25. Mukwere basi mpaka ku Mwanza, mudutse Tete, Nyamapanda, Harare, mukagone pamzere ku Beitbridge, mukafike ku Johannesburg masiku awiri atatha, miyendo itatupa. Kuchoka pamenepo kukafika ku Durban ndi makilomita pafupifupi 600. Mufike dzulo lake ndi kulipira pogona, chifukwa sitima ija siili ngati minibasi yodikira kuti idzaze. Mukati ndege, ndiye musandiuze n'komwe. Pasipoti ya amuna ako ilipo? Madolawo muwapeza kuti, poti amalonda enieni amabwerera chimanjamanja ku banki? Muwagula kuseri, pa mtengo wa kuseri. Mu Novembala 2023 tinagona bwinobwino, m'mawa tikumva kuti kwacha yatsika ndi 44 pa 100 iliyonse, shuga ndi sopo n'kulumpha tsiku lomwelo. Iwe umalandira makwacha. Ukakongola makwacha kuti ukadye madola, kwacha ikangogwedezeka pang'ono mtengo wa ulendowo umakwera iwe uli mtulo. Chikomekome cha nkuyu, mwana wanga, m'kati muli nyerere.

Pali china, undimvere bwino, usakawauze apongozi anga kuti ndanena. Ndi munthu wabwino, waulemu, pa maliro a amalume ako anagwira ntchito kuposa ana a pakhomo. Koma pa chinkhoswe paja ndinaona ndi maso anga, ankhoswe akulankhula, iwo atawerama pansi pa tebulo akuyang'ana mpira pa foni, nkhope yonse thukuta. Ndinafunsa anyamata, akuti anabetcha. Msuweni wako wati m'sitimamo muli chipinda chonse cha juga, makina owala ngati Khrisimasi, ndipo amachitsegula sitima ikangotalikira doko. Masiku anayi, mowa pafupi, juga pafupi, kakhadi m'thumba, ndalama ya katapila. Iwe udzakhala ukuwalondera usiku wonse ngati mlonda wa pa sitolo. Kumeneko n'kupuma?

Ndiponso iwe ndi madzi munayanjana liti? Unabadwira m'mphepete mwa nyanja koma mimba yako ndi ya ku Dowa. Uli ndi zaka 9 ndinakutenga pa Ilala, ndikupita ndi mpunga ku Likoma. Unali Julayi, mwera uli pachimake. Sitima inaponya nangula patali monga mwa nthawi zonse, boti lake linabwera kudzatitenga, ine ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno iwe uli pakhosi panga, matumba ali pamitu ya anyamata. Tisanathe ndi ola limodzi unali utayamba kale. Unasanza nsima ya kondowole, unasanza tiyi, unasanza zimene sunadye, uli gone pa thumba la mpunga pakati pa madengu a usipa ndi mbuzi ya munthu wina imene inkakunyambita phazi. Mayi wina wa ku Chizumulu anakupatsa ndimu kuti uzinunkhiza. Unandigwira chitenje n'kunena kuti, "Amayi, auzeni aime nditsike." Pakati pa nyanja! Anthu anaseka, ine ndinaseka, koma usiku umenewo sindinagone. Ndinkakumbukira agogo ako akusimba za Vipya, sitima yatsopano imene inagubuduzika ndi mphepo yomweyi mu 1946 kumpoto uko, anthu 145 n'kutsala m'madzi. Ndi Bishopu Chauncy Maples amene manda ake ali m'tchalitchi mwathu muno mwa All Saints, si nyanja yomweyi inamutenga mu 1895? Imeneyi ndi yathu, ya madzi akumwa. Ya mchere ija ndi ina, ndipo miyezi imene sitimazo zimayenda kumeneko, kuyambira cha mu Novembala mpaka dzinja litatha, ndi yomweyo ya anamondwe a ku Mozambique. Freddy anatipeza mu Malichi 2023, sindikufunika kukukumbutsa. Nyanja ikakwiya kaputeni satsitsa munthu pachilumba, mumangochiona patali, ndipo palibe kudandaula.

Sindikukuopseza. Sitima zikuluzikuluzo akuti sizigwedezeka ngati Ilala. Ndikungoti udzifunse ngati ukufuna nyanjayo iweyo, kapena ukufuna kuti anzako a kuntchito aone kuti wapita. Mnzako uja amene anayambitsa zimenezi, amuna ake ali ndi malole atatu. Iwe uli ndi lendi, ndi firiji imene simunamalize kulipira.

Ndiye ndikufunse za chinthu chimene sunandiuze. Pa Pasaka unakana chambo, iwe amene umatsuka ndi mutu womwe. Sindinanene kanthu, ndinangoyang'ana. Ngati zili momwe ndikuganiziramo, werenga miyezi bwino, chifukwa sitima zoterezi sizikweza mayi amene pathupi pake pafika masabata 24, ngakhale tikiti atalipira kale. Ngati ndalakwitsa, undikhululukire, maso a nkhalamba amaona zimene mtima ukufuna. Koma zikakhala zoona, ndalama ya Disembala ili kale ndi mwini wake. Matewera, beseni, zitenje, galimoto ya usiku yopita kuchipatala. Mwana asadzabadwire m'nyumba imene anthu amagogoda pa 30.

Chilichonse chili ndi msinkhu wake. Maulendo afupiafupi ngati amenewo akuti amadzaza anyamata ndi atsikana, nyimbo mpaka mbandakucha, iwe amene umagona 8 koloko ngati nkhuku. Ena amakwera ali ndi ana osinkhuka kuti anawo akasewere m'madziwe. Ena ndi okalamba amene anamaliza kuphunzitsa ana, amakwera maulendo aatali a phee, ndalama ya penshoni ili m'thumba. Onsewo akudya zimene anakolola. Inu ndiye mwangobzala kumene.

Ngati ndi nyanja mukufuna, Ilala ilipo. Usakwinye nkhope, ndikukuona. Iwe umaidziwa ya pansi, ya ife a matumba. Ili ndi pamwamba pake. Pali kalasi yachiwiri ya mipando, pali pamwamba penipeni pamene umabwereka matiresi n'kugona ukuyang'ana nyenyezi, ndipo pali tizipinda ta mabedi, ta chitseko chokiya. Azungu amachoka kutali, kulipira ndege, kudzakwera sitima yomweyi imene ife timainyoza. Anaipangira ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuilumikiza ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda kuyambira 1951. Ndi yaikulu kwa ine, ndipo bondo lake silivuta ngati langa. Mumalipira makwacha, pasipoti safuna. Mudikire mwera uthe, cha mu Seputembala kapena Okutobala, muimbe foni ku Monkey Bay kufunsa tsiku, chifukwa Ilala siyendera wotchi, ikati ifika masana uziyembekeza usiku. Mukatsike ku Likoma, mukaone St Peter's, tchalitchi chija chimene unalowamo uli wofooka n'kufunsa ngati Mulungu amakhala momwemo. Mukakhale masiku angapo, mukadye nsomba yowotcha pamchenga, mukwerenso mpaka ku Nkhata Bay, kumeneko basi ilipo.

Ine ndi bambo ako ulendo wathu woyamba unali womwewo. Tinalibe ya pamwamba. Koma usiku, titadutsa nyali za asodzi, anandigwira dzanja n'kundikweza makwerero mozemba, tinaima pakona mphepo ikundiulutsa duku, iwo atandigulira Fanta mmodzi tikumwera botolo limodzi. Wantchito wina anatipeza n'kutithamangitsa, tinatsika tikuseka ngati ana a sukulu. Fanta ameneyo anagula ndi ndalama ya utaka umene anagwira okha. Tinabwerera kunyumba wopanda wotidikira pakhomo. Zaka 7 pambuyo pake ndi pamene anaphunzira kukongola, ndipo kuseka kwa mtundu umenewo sindinakumvenso kawirikawiri.

Mukakhala kuti mtima wakakamira ku Durban, chabwino, si tchimo. Yambani kusunga. Mutsegule buku lapadera, lolembetsa dzina lako, muziponyamo mwezi ndi mwezi. Ku banki mkhonde uziika masheya, osatenga. Ndalama ikakwana ya tikiti, ya basi, ya pogona, ya kakhadi kaja, ndi ina yotsala yoti mudzadye mukabwerako, pamenepo mukwere, ndipo mudzatenge chipinda cha zenera chifukwa cha kusanza kwako kuja. Zikatenga zaka ziwiri, zitatu, nyanja siphwa. Ine ndikagulitsa mpunga wa chaka chino ndiikapo kanga kochepa. Koma kwa munthu wa katapila uja musapite. Ngati amuna ako atenga kale, undiuze sabata ino, tibweze isanabereke. Usandibisire pochita manyazi. Bambo ako anandibisira miyezi itatu, ndinadziwira pa anyamata aja atafika pakhomo.

Mpunga ndiupereka kwa kondakitala wa basi ya Lachinayi m'mawa, pamodzi ndi usipa wouma pang'ono ndi ufa wa kondowole wa apongozi anga. Ukadikire pa depoti, usatume mwana. Chigubu changa cha mafuta chija ubweze pa basi yomweyo, ndi chachitatu chimenechi.

Undiyankhe ndi kalata kapena ubwere wekha. Za chambo zija ndikufuna kumva pakamwa pako.

Ndine mayi ako.