Njovu taziwerenga, nanga achule a m'phiri la Chipata?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za chule, kanyama kamene ambiri a ife timangokalumpha panjira, chifukwa zimene zinachitikira anansi athu a ku Tanzania zikhoza kuchitikanso kuno ku Nkhotakota ife osadziwa.

M'chaka cha 1996, akatswiri anapeza kachule kachikasu, kosapitirira masentimita atatu, pa mathithi a mtsinje wa Kihansi m'mapiri a Udzungwa. Pa dziko lonse lapansi kankapezeka pamalo a mahekitala awiri okha, pomwe madzi ogwa kuchokera pamwamba ankamwazika n'kumanyowetsa udzu ndi miyala usana ndi usiku. Kachuleka sikaikira mazira m'zithaphwi monga achitira achule a m'madambo mwathu muno, koma kamabereka tiana tamoyo tili kale ndi miyendo yonse inayi, kotero moyo wake wonse unkadalira chinyontho chosaphwa cha pamathithipo.

Tsoka lake linali lakuti pamene kankapezeka n'kuti ntchito yomanga damu lopangira magetsi, yomwe Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandizapo ndi ndalama, itayamba kale. Madzi ochuluka atapatutsidwa, malo aja anayamba kuuma. Anayesa kuika mipope yowaza madzi, ndipo mu 2000 achule 499 anawanyamula kupita nawo kumalo osungira nyama a Bronx Zoo mumzinda wa New York kuti mtundu usatheretu. Otsalawo anagwidwa ndi nthenda ya pakhungu yotchedwa chytrid, imene imapha msanga popeza chule amamwa madzi komanso kupuma kudzera pakhungu. Pofika mu 2009, bungwe la pa dziko lonse loona zoteteza zachilengedwe la IUCN linalengeza kuti kachuleka katha kuthengo, ndipo ntchito yokabwezeretsa kwawo, imene inayamba mu 2012, yakhala yodula ndi yovuta.

Sindikunyoza magetsi ayi, pakuti tonse tikudziwa ululu wa kuthimathima kwake. Chimene chikundiwawa n'chakuti kafukufuku anabwera makasu atalowa kale pansi, pamene akanadza poyamba, omanga akanatha kusiyira mathithiwo madzi okwanira.

Kuno kwathu timanyadira nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, makamaka kuyambira mu 2015 pamene a African Parks anayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi boma, komanso pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Komatu m'nkhalango yomweyi muli phiri la Chipata, limene lili ndi kachigawo ka mitengo yosayoyoka masamba ngakhale m'chilimwe, ndipo malo onyowa, opatukana ndi anzake ngati amenewa, ndiwo amasunga tizamoyo tosapezeka kwina kulikonse. Phiri la Mulanje ndi umboni, pakuti lili ndi mitundu ya achule imene simungaipeze m'zigwa zozungulira. Njovu ikaona moto imathawa, koma kachule kokhala pansi pa masamba ofota sikangayende ngakhale mtunda wa kumunda, ndipo moto wolusa umodzi wa mwezi wa Okutobala, kapena ng'anjo zingapo za makala m'mphepete mwa kasupe, n'zokwanira kukatha psiti.

Choncho ndikupempha Nthambi Yoona za Nyama Zakutchire, pamodzi ndi sukulu zathu zaukachenjede, kuti achule ndi tizilombo tina ta pa Chipata ndi m'nkhalango ya Ntchisi tiwerengedwe m'nyengo ya dzinja pamene timaonekera, ndipo zopezekazo zifalitsidwe m'Chichewa kuti mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi azidziwe. Ndikupemphanso bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA, limene lamulo la 2017 linalipatsa udindo wounika ntchito zachitukuko, kuti lisamavomereze damu kapena ngalande ya ulimi wothirira pa mitsinje monga Bua ndi Dwangwa popanda lipoti losonyeza zamoyo zing'onozing'ono zimene zimadalira madziwo.

Ine wowerenga wanu,
Nkhotakota