Inu ogulitsa zida zopachika ma weight, bwezani ndalama zanga

Bwana admin wa peji ino, ndalemba poyera chifukwa ku inbox mumangowerenga osayankha, pa WhatsApp naponso zii. Ndinagula kwa inu chipangizo chija chopachikira ma weight pa chida cha abambo chomwe mumati chimakulitsa, K95,000 pa Airtel Money, wakabaza wanu anandipatsira ku Area 25 mu jumbo yakuda, mulibe ngakhale kapepala ka malangizo, bokosi lolembedwa Chitchaina chokhachokha.

Munati saizi ndi imodzi imakwana aliyense, bodza lenileni. Chomangira chake ndi pulasitiki youma gwa, ukamanga pang'ono chimatsetsereka mpaka kukatsakamira kuseri kwa mutu wa chida ndiye kulemera konse kumathera pamenepo, ukati umangitse kuti chisatsike chikutsina khungu, magazi osayenda, mutu kuyamba kuzizira kenako kuda. Pakati palibe. Kalabala kamene munaikamo koti kateteze khungu kanang'ambika msanga, ndiye ndi kutentha kwa Lilongwe kuno thukuta likangoyamba basi chonse chikuterera, matuza kutuluka, kuvala thalauzi kupita kuntchito kukhala chintchito.

Koma chandikwiyitsa kwambiri si pulasitikiyo ayi, ndi voice note ya mnyamata wanu uja. Ndamuuza kuti ndikumva dzanzi, iye akuti "achimwene ululu ndiye kuti ikugwira ntchito, kulungani bandeji muonjezere kilo ina". Kuonjezera kilo munthu akudandaula dzanzi, eti? Anaphunzira kuti zachipatala ameneyu?

Dzanzi litakana kutha ndinapita kukaonana ndi adokotala pa kiliniki ina mu Old Town, anandiuza mosabisa kuti dzanzi, kuzizira ndi kusintha mtundu ndi zizindikiro zoti uchotse nthawi yomweyo, osati kupirira. Mitsempha yomwe imapangitsa kuti munthu azimva kukhudza imadutsa chapamwamba penipeni pomwe chomangira chanu chimafinya, ikaonongeka imachedwa kuchira ndipo ena sabwereranso mwakale. Anatinso mnofu wamkati ukavulala umatha kupanga chipsera cholimba, chida n'kumapindika chikadzuka, matenda amene amawatchula kuti Peyronie, mwinanso mphamvu za kuchipinda kuchepa kumene. Zida zokoka zomwe madokotala amapereka kwa odwala Peyronie ndi zina, zimakoka moyeza ndipo dokotala amakhala akukuona, osati zopachika zitsulo ngati tili pa sikelo ya nyama ku Tsoka. Zoti kupachika ma weight kumakulitsa, anati umboni wodalirika palibe. Anandiuzanso za kafukufuku wa mu 2015 ku London amene anasonkhanitsa miyezo ya amuna oposa 15,000, anapeza kuti ambiri chikadzuka chimakhala cha m'ma 13 cm. Ndiye ambiri amene mukuwaopseza ndi ma post anu aja oti madamu akuthawani alibe vuto lililonse.

Amene mubwere kudzaseka mu ma comment sekani, koma ndikudziwa ena mwa inu munagula chomwechi mukungovutika chamumtima, manyazi amenewo ndi amene akuwadyetsa anthuwa chifukwa amadziwa kuti palibe angapite kukadandaula. Ndaonanso kuti comment ya bambo wina amene analemba zoti anatupa munaifufuta.

Ndikufuna ndalama zanga zonse, kuphatikizapo zomwe ndalipira kuchipatala, risiti ndili nayo. Musiye kuuza anthu kuti apirire ululu. Ndipo mutiuze, kodi a PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno, akuzidziwa zida mukugulitsazi? Mukafufuta post iyi kapena kundibuloka dziwani kuti ma screenshot ndi voice note ija ndasunga, Lolemba ndikukasiya dandaulo ku CFTC, bungwe loteteza ufulu wa ogula.